Khadi la Ngongole la Nasingano

"Ndiye mukuti simunatengepo ngongole kwina kulikonse?" anafunsa mtsikana wa pakauntala ya banki, maso ali pa kompyuta.

"Ngakhale ya mchere kwa aneba," anayankha Nasingano akuwongola msana.

Nasingano anali telala wosokera m'chipinda chochezera cha nyumba yake, ndipo dzinali anamupatsa ndi makasitomala chifukwa singano sinkachoka pakolala ya bulauzi yake. Sukulu ina inali itamupatsa ntchito yosoka mayunifolomu, koma nsalu ankayenera kugula yekha, malipiro pambuyo. N'chifukwa chake anabwera kudzapempha khadi la ngongole.

"Vuto lagona pomwepo, mayi," anatero mtsikanayo. "Munthu amene sanakongolepo sitidziwa ngati amabweza. Kompyuta siikukudziwani."

"Ha! Ndiye mumakhulupirira okhawo amene ngongole zawafika m'khosi? Dziko latembenuka."

Mtsikanayo anaseka pang'ono, n'kufotokoza kuti pafunika umboni wa ndalama zimene amapeza pamwezi. Umboni uti? Ndalama za Nasingano zinkalowa m'thumba la epuloni n'kutulukira kumsika, osasiya phazi.

"Nanga bambo akunyumba ali pantchito?"

"Ndi akalaliki ku kampani yotumiza katundu," anayankha monyadira.

"Basi, mubweretse mapepala awo a malipiro a miyezi yapitayi."

Madzulo ake mwamuna wake anafika monga mwa masiku onse, chikwama m'manja, tayi ili pakhosi. Aneba ankamutchula kuti Bwana Tayi, poti ngakhale dzuwa liswe mtengo bwanji, tayiyo sinkamasulidwa asanalowe kuchipinda. Nasingano anamulandira chikwama n'kumuuza za kubanki.

"Mapepala amenewo anasiya kupereka, mayi. Masiku ano zonse zili m'kompyuta."

"Ndiye muwauze akutulutsireni."

"Koma khadilo ndi lachiyani? Si inu nomwe mumati ngongole imathamangitsa tulo?"

"Kodi bambo, nsalu ya mayunifolomu ndiigula ndi mwambi?"

Bwana Tayi sanaseke. Nthawi yonseyi sankayang'ana mkazi wake. Maso ake anali pa makina osokera amene anali pafupi ndi zenera, ndipo anawayang'ana nthawi yaitali ngati akuwaona koyamba. Chakudya anangochilawa.

M'mawa mwake kunabwera munthu wachilendo, wa jekete lachikopa, atanyamula buluku loti lifupikitsidwe. Nasingano ataliyeza, anapeza kuti linali lomukwana kale bwinobwino. Akuliyezanso kachiwiri, munthuyo anawerama pa makina aja, n'kupukuta ndi chala kachitsulo kolembedwa nambala, kenako n'kukajambula ndi foni.

"Mukufuna kugula ofanana nawo, achimwene?"

"Ayi, ndikungosirira," anatero akumwetulira ndi mano okha. "Makina abwino awa. Muziwathira mafuta, asachite dzimbiri."

Anatenga buluku lake losasokedwalo n'kutuluka. Nasingano anakhala pansi, phazi lili pa chopondera, koma silinaponde. Anachita mantha, ndipo chimene chinamuopsa kwambiri chinali choti sankadziwa chimene akuopa.

Masana anatsitsa sutikesi ya pamwamba pa kabati, momwe ankasungamo mapepala onse a pabanja. Anapeza pepala limodzi la malipiro, lachaka chatha, lokhala ndi nambala ya foni ya kampani pamwamba pake. Anaonanso kuti lisiti ya makina ake, imene nthawi zonse inkakhala m'kathumba ka chivundikiro, munalibe. Anakutumula sutikesi yonse pabedi, koma ayi ndithu. Anadziuza kuti mwina anaiika pena, n'kuthamangira kubanki asanatseke.

"Ili ndi lakale, mayi," anatero mtsikana uja, "koma musadandaule. Tingoimba kuntchito kwawo atitsimikizire."

Mtsikanayo anaimba, Nasingano ali pomwepo. Anatchula dzina lenileni la Bwana Tayi, n'kumvetsera. Kumwetulira kwake kunayamba kuzilala. Anati "chabwino," kenako "ayi, ife ndi a banki." Ataika foni pansi, anayamba kusanja mapepala amene anali osanjika kale.

"Lankhulani, mwanawe. Ndine munthu wamkulu."

"Akuti anawachotsa ntchito chaka chatha, pamene ankachepetsa antchito," anatero motsitsa mawu kuti a pamzere asamve. "Akutinso atopa ndi mafoni. Pali wakatapila wina amene amangowafunsafunsa."

Nasingano anagwira m'mphepete mwa kauntala. Chaka chatha! Malaya onse amene anasita m'mamawa, nsapato zonse zimene anapolisha, envulopu ya ndalama imene mwamuna wake ankabweretsa mwezi ukatha osaphonya. Iye ankailandira ndi manja awiri, n'kuthokoza. Tsopano anadziwa kumene inkachokera, anadziwa kumene lisiti inapita, ndiponso chimene munthu wa jekete uja ankasirira. Wakatapila sakongoza popanda chikole.

"Khadi lija ndiye silitheka, mayi. Pepani. Mulibe mbiri ya ngongole."

"Ndili nayo, mwanawe," anatero akupinda pepala lake. "Kungoti sindinauzidwe."

M'njira sanalire. Mtima unkamuwawa, osati chifukwa cha ntchito yothayo, poti ntchito imatha, koma chifukwa cha mwamuna amene analolera kupinyolitsa makina odyetsa banja kusiyana n'kuvula tayi pamaso pa aneba. Ankamumveranso chisoni, ndipo chisonicho chinkamupsetsa mtima kuposa bodzalo.

Atafika kunyumba anatenga sikuludiraiva, n'kuchotsa lamba, n'kumasula mutu wa makina pathebulo lake. Anaukulunga m'bulangete, nausenza mpaka kwa mkulu wake, amene ankakhala kuseri kwa msika.

"Kodi wasamuka?" anafunsa mkuluyo.

"Musandifunse lero, achemwali. Muwaike pansi pa bedi. Aliyense akabwera, simunandione."

Pobwerera anaika katoni yopanda kanthu pathebulo paja, n'kuiphimba ndi nsalu yophimbira makina. Woona patali sakanadziwa.

Dzuwa litapendeka, Bwana Tayi analowa. Nasingano anamulandira chikwama, ndipo lero anazindikira kupepuka kwake.

"Kuntchito kunali bwanji, bambo?"

"Musanene, mayi. Katundu wachuluka, bwana sakutipatsa mpata wopuma."

"Pepani. Nanga mapepala aja?"

"Akuti kompyuta yavuta. Mwina sabata yamawa."

Nasingano anamupatsa madzi akumwa n'kukhala pampando woyang'anizana naye, manja ali pamiyendo. Anamupatsa mpata. Anadikira kuti mwina pakamwa patseguka, koma mwamunayo anangomwa madzi ake n'kuyamba kudandaula za mabasi.

Kenako panja panaima galimoto. Injini sinazimitsidwe. Kudzera pakatani Nasingano anaona jekete lachikopa lija likutsika, ndi amuna ena awiri amapewa otambalala, wina atanyamula chingwe. Bwana Tayi anaika kapu pansi. Anayang'ana pathebulo lophimbidwa lija, kenako anayang'ana mkazi wake, koyamba m'masiku awiri.

Chitseko chinagogodedwa, osati mwa odi.

"Mayi..." anayamba Bwana Tayi.

"Kawatsegulireni, bambo," anatero Nasingano osadzuka. "Mwina ndi a kuntchito kwanu."

Bwana Tayi anaimirira pang'onopang'ono. Asanafike pachitseko, anakweza dzanja n'kumasula tayi ija.