Mbuzi ya a Tcheyamani

"Mitengo yonse mukuionayi ndi ya manja angawa," a Kinsley ankauza alendo ochokera kubungwe, akuloza m'mbali mwa chigwembe. "Kuno ku Thambani mvula isanakokolole nthaka imayamba yapempha kwa ine."

Orlanda, ali kuseri kwa nyumba yake, anangoyang'ana matuza a m'manja mwake. Mbandezo anabzala ndi iyeyo ndi amayi anzake a kalabu yogulitsa manachesi. A Kinsley, tcheyamani wa komiti ya zachilengedwe, anathandizapo kuloza ndi chala.

Chigwembecho chinkadya nthaka chaka ndi chaka, tsopano chinali chitafika pakhitchini pa Orlanda. Mvula ina yamphamvu, nyumba yapita. Koma mbande za kumbali yakeyo mbuzi ya a Kinsley inali itamaliza zonse, mwini wake n'kumangoti, "Tikambirana, mayi."

Orlanda anamasula mbuziyo pomwe anaimangirira ataigwira m'mawa ikutafuna, naikokera pakati pa alendo.

"A tcheyamani, mwaiwala kuonetsa alendowa wachiwiri wanu. Ndi amene amayendera mitengo tsiku lililonse."

Amayi a kalabu anaphulika kuseka. A Kinsley anakonza tayi.

"Mayi, zapamudzi tikamba alendo akapita."

"Mitambo iyo ikudikira alendo? Lamulo munaika ndinu: mbuzi ikadya mbande imodzi, mwini wake abzale zisanu. Kapena ndi la mbuzi za amphawi zokha?"

"Ndiye kuvuta kwake kwa anthu obwera kumeneku," anang'ung'udza a Kinsley.

"Eya, ndine wobwera. Ku Mozambiki ndinathawa mfuti. Pano sindithawa mbuzi."

Mlendo wamkulu anatsokomola, n'kunena kuti lamulolo walikonda, angasangalale kuliona likugwira ntchito.

Malita, mlembi wa kalabu, anali atafika kale ndi khasu ndi beseni la mbande. "Walira mvula walira matope, achimwene. Landirani."

A Kinsley anapinda buluku la suti nagwada. Alendo anajambula zithunzi. Orlanda sanasunthe, chingwe chili m'manja, akungoti apa dzenje likuye, apo dothi lapamwamba liyambe. Beseni litatha anawatumanso madzi kumjigo.

Atathirira yomaliza, a Kinsley anatambasula dzanja lamatope kuti alandire chiweto chawo.

"Mbuzi ndi yanu," anatero Orlanda, akuimasula m'khosi. "Chingwe mukagule chanu. Ichi n'changa."