Nsapato za Mabuleki a Tcheyamani

A Manasseh Zimba anali tcheyamani wa chipani ku Mphamba, ndipo zinthu ziwiri zinkawatukumula: baji ya pachifuwa ndi vaneti yawo yakale ya Pijo. Galimotoyo inkalira bwino, hutala inali nayo, koma kuima inasiya kalekale. Ukaponda mabuleki, phazi linkangofika pansi ngati waponda papaya lowola.

A Zimba sanaonepo vuto, poti anali ndi mkazi. Mayi Loyce ankakhala kumbuyo atafukata chipika cha mtengo. Galimoto ikayandikira poima, bambo ankatsitsa magiya n'kumenya chitseko, mayi n'kudumpha, kuthamanga pambali pake opanda nsapato, n'kuponya chipikacho kutsogolo kwa tayala. Anthu anasiya kuwatchula dzina, ankangoti Mabuleki a Tcheyamani. Amene sankalidziwa dzinali ndi mwini galimoto yekha, chifukwa tcheyamani amangouzidwa zimene akufuna kumva.

Tsiku lina pamsika wa ku boma chipika chinaterereka, tayala n'kuzula chikhadabo cha kuphazi kwa mayiwo. Ogulitsa tomato anaseka mobisa nkhope, a Zimba n'kufunsa ngati tayala silinavulale. Atafika kunyumba, Mayi Loyce anayankhula akumanga chala ndi kansanza, akuitana amuna awo ndi dzina la mwana wawo.

"Awiske Yunike, mvelani. Tsiku la Indipendensi likapeza motoka iyi ilibe mabuleki, ine nizabwelela kwathu ku Chikomeni, ndipo sinizabwelanso."

A Zimba anachita mantha enieni. Tsikulo n'limene ankayenera kunyamula amayi a chipani kukavina ku boma pamaso pa bwanamkubwa. Kaya ankaopa kutaya mkazi, kaya mabuleki, iwo eni sanadzifunse.

Haswell, makanika wa kuseri kwa msika, anamasula matayala akumbuyo n'kutulutsa tizitsulo tokhota, toperepeseka mpaka kuwala.

"Izi ni nsapato za mabuleki, a Tcheyamani. Zasila, zathelatu. Pezani zinai, koma zikhale za Pijo."

Apa m'pamene a Zimba anadziwa malire a khadi la chipani. Khadilo linkalowetsa munthu mumsika, linkamukweza basi, koma m'masitolo a zipangizo linangowapezera mpando ndi mawu akuti kulibe. M'mashelefu munali fumbi lokhalokha. Mnzawo wina anawapatsa za Landirova, zinakula. Anakamasula za Datsun ya aphunzitsi imene inakhala pamiyala mpaka nkhuku kumaikiramo, zinachepa. Munthu wina wozembetsa sopo panjinga kuchokera ku Malawi anawalonjeza zenizeni, n'kubwera ndi za thirakitala.

Haswell anawalangiza kuti atumize chitsulo chakalecho ku Chipata kuti ofuna akayerekeze. A Zimba anakana kwamtuwagalu. Anthu a ku Chipata aone kuti tcheyamani amayendera zinthu zotere? Mawu awo anali okwanira. Anaitana Amock, kondakitala wa basi, kuti akapereke uthenga kwa mlamu wawo Philemon, mchimwene wa Mayi Loyce, amene ankagwira ntchito m'sitolo yaikulu kumeneko.

"Ukamuuze mlamu atumize nsapato zinai za mabuleki anga. Mwamsanga."

"Nanga saizi, adada?"

"Amawaziba bwino. Wakhala akuwaona zaka zonse izi."

Amock anavomera kuti yewo, nkhope ili phee.

Katundu anafika kutatsala tsiku limodzi kuti Indipendensi ikwane. A Zimba sakanamasula phukusi popanda mboni. Anasonkhanitsa anthu pakhomo, anakwera kumbuyo kwa vaneti, n'kulalikira kuti amene amati m'dziko mulibe zinthu ndi adani a chitukuko, ndiponso kuti chipani sichiiwala anthu ake. Kenako anadula chingwe. M'katimo munali nsapato zinayi ndithu, zansalu, zoyera, zachizimayi.

"A Philemon akuti zikomo kwambili," anatero Amock. "Akuti sanali kuziba kuti mungakumbuke mlongo wao."

"Ine ninati nsapato za mabuleki."

"Ee, adada. Za Mabuleki." Amock analoza ndi mlomo kumene kunaima Mayi Loyce.

Phwete lija anthu analisunga zaka zambiri linaphulika. A Zimba anayang'ana nkhope imodziimodzi, n'kuzindikira kuti mudzi wonse unkalidziwa dzinalo, ngakhale alembi awo a chipani. Manyazi anawagwira, koma anachita manyazi chifukwa chosekedwa, osati chifukwa cha chimene anthu ankasekera. Mayi Loyce sanaseke. Anakhala pansi, anapukuta mapazi ndi chitenje, n'kuyesa nsapato ziwiri. Zinawakwana bwinobwino, ngakhale phazi la bala lija. Chikwatiwire anali asanavalepo nsapato zatsopano.

M'mawa mwake amayi a chipani anadzaza vaneti atavala zitenje zofanana, ng'oma ili pakati. A Zimba anali atadzilimbitsa mtima kuti mkazi amene walandira nsapato sangachoke. Anakhala pachiwongolero n'kuliza hutala. Mayi Loyce anatuluka atasenza mtolo, nsapato zili kuphazi, chipika chili m'manja. Anachilowetsa pawindo n'kuchiika pamiyendo ya amuna awo.

"Mailo, dzulo lomweli, munati chipani sichiiwala anthu ake. Mupase a chipani."

Ananyamuka kulowera njira ya ku Chikomeni. Amayi aja anayang'ana chipika, anayang'ana msewu wotsetserekera kumlatho, n'kuyamba kutsika mmodzimmodzi, wina akuti waiwala mpango, wina mutu wamuyamba. A Zimba analiza injini kuti awalondole akazi awo, koma atasuzumira pagalasi anaona kumbuyo kwatsala ng'oma yokha. Anazimitsa, poti popanda woponya chipika galimoto sikanaima. Apa m'pamene chisoni chinawagwira, atakumbukira kuti pazaka zonsezi mayiwo sanakhalepo kutsogolo ngakhale kamodzi.

"Anyina Yunike, imani," anaitana ali pawindo. "Imani tikambe."

Koma nsapato zatsopano zija zinagwira msewu bwino, ndipo panalibe woziikira chipika.