Mphira ya pa Paipi

Galimoto imene a Dyton anabwera nayo kuchokera ku migodi ya ku Joni inakalambira limodzi ndi mwini wake, koma mwini wake ndiye anatsogola. Inatsalira mwana wawo, Evance. Tsopano mwala wa chiliza cha malemuwo unkadikira ku Ntcheu boma, achibale atauzidwa kale tsiku lokauika pamanda, ndipo Evance anali atalumbira kuti mwalawo sukwera galimoto ya munthu wina.

Kulumbira n'kosavuta, pakamwa sipalipira msonkho. Koma galimotoyo ikangoima, injini inkanjenjemera, kutsokomola, kenako zii. Buleki inali gwa, ngati waponda chitsa. Ndani angatsike nayo zitunda za ku Champiti itasenza mwala?

Anapita nayo ku Kasinje kwa a Saiti, makaniko wokalamba amene ankasewera bawo ndi bambo ake.

"Ikuba mpweya iyi," anatero a Saiti atangoimva. "Paipi ina yang'ambika, ndiye injini ikuyamwa mpweya wapambali."

Anatenga kapaipi, nsonga ina kukhutu, inayo n'kumaiyendetsa pa injini, mpaka anamva kamluzu pansi pa kabuleta. Atadonthezapo petulo, injini inakweza mawu.

"Wakubayo ndi uyu. Paipi ya ku buleki."

Evance anasuzumira, mtima n'kumupweteka. Paipiyo inali yokulungidwa ndi mphira yakuda yodulidwa ku jombo za ku mgodi. Bambo ake ankamanga chilichonse chotero, mpini wa khasu, chishalo cha njinga, chitseko cha khola, ndipo pomaliza ankakoka ndi mano. Ana ankaseka kuti tsiku lina adzamanganso amayi awo. Zonsezo zinaola n'kutayidwa. Apa pokha ndi pomwe panatsala, ndipo zipsera za mano awo zinali zikuonekabe pa mphirayo.

"Bambo Saiti, sitingangokulunga ina pamwamba pakepo?"

"Mwana wanga, paipiyi yafumbwa yonse. Ukufuna mwala ukafike kumanda, kapena ukagone nawo m'phompho?"

Nkhalambayo inatulutsa mpeni, inayang'ana mphira ija kanthawi, kenako inamupatsa Evance mpeniwo.

"Dula wekha. Ine sindingathe, anali mnzanga."

Anadula. Mphira inayoyoka zidutswazidutswa, yosati n'kusunga. A Saiti analowetsa paipi yatsopano n'kumanga zolimba. Injini inalira mosalala, kulira kwachilendo kumene Evance anali asanakumvepo chibadwire. Buleki inafewa. Mwala ukafika, zinali zosakayikitsa.

Ali pa ulendo wa ku boma, ng'ombe zinadutsa pamsewu ndipo Evance anaima. Anangozindikira phazi lake likugundagunda pa moto kuti injini isazime, monga ankachitira bambo ake, monga anamuphunzitsira atamukhazika pamiyendo. Anachotsa phazilo. Injini inangopitiriza kulira yokha, osafuna thandizo la munthu.

Ng'ombe zinatha kuwoloka, koma Evance anakhalabe pomwepo, akulira maliro amene anawapirira tsiku loika bambo ake.