Kompyuta Yozimazima ya Bambo a Mapasa

Kompyuta inazimanso mwadzidzidzi, ngati wina wazula chingwe. Bambo a mapasa anamenya tebulo mpaka kapu ya tiyi inagwa.

Ntchito yawo inali yojambula maukwati, ndipo m'kompyutamo munali kanema wa ukwati wina woti sangajambulidwenso. Pa ukwatiwo bambo a mkwatibwi anavina mpaka kuvula jekete, koma pasanapite nthawi anamwalira. Mkwatibwi anali ataimba foni m'mawa kuti abwera masana kudzaona bambo akewo pa kanemayo. Khadi la kamera linali litafufutidwa kale, ndipo akati akopere kanemayo, kompyuta inkayenda pang'ono n'kuzima.

Atangotambasula dzanja kuti ayatsenso, pakhomo panatulukira mlamu wawo, mng'ono wa akazi awo, amene ankakonza makompyuta m'kachipinda koyandikana.

"Alamu, chotsani dzanja pamenepo! Kodi mukuikonza kapena mukuimaliza?"

"Ndi vairasi ameneyu, ndamuona kale."

"Mwamuona atavala malaya anji?" anaseka mlamuyo. "Ikamazima chonchi, mafayilo amawonongeka. Mukapitiriza, madala aja muwaika m'manda kachiwiri."

Bambo a mapasa anabweza dzanja lawo msanga.

Mtsikanayo sanali wa phuma. Anafunsa ngati imazima ikangokhala kapena ikagwira ntchito yolemetsa, komanso ngati imalemba uthenga uliwonse isanazime. Atamva kuti imangoti zii popanda kutsanzika, anasintha chingwe ndi soketi. Kenako anatsegula chivundikiro, nayamba wachotsa diski ya kanemayo n'kuiika patali, pa nsalu youma. Anayesa memore, kachipangizo kosunga zimene kompyuta ikugwira, napukuta fumbi, chinthu chimodzi pa nthawi, mpaka bambo a mapasa anasowa pokhala.

"Mlamu, masana akwana!"

"Ndikasintha zonse pamodzi, ndidziwa bwanji chimene chikudwala?"

Anaiyatsa, naipatsa ntchito yolemetsa, n'kuika khutu kumbuyo kwake. Itazima ananunkhiza, kenako anaunikira ndi foni m'kabokosi kachitsulo kapakona.

"Nayi mfiti yanu, pawa sapulayi. Kameneka ndiko kamagawa magetsi m'kati monsemu. Fani yake yaima, ndipo tizitsulo tina tatupa. Ntchito ikakula, kamatentha n'kugonja."

"Ndiye tikatsegule, tikakonze."

"Mukufuna achemwali anga alere okha mapasa? Kameneka kamasunga moto ngakhale mutazula chingwe."

Nthawi yokasaka katsopano panalibe. Mlamuyo anatuluka, ndipo bambo a mapasa atasuzumira anamuona akumasula kompyuta yakeyake, imene inkamudyetsa, uku akuuza kasitomala kuti abwere mawa. Anachita manyazi pokumbukira kuti tsiku lililonse ankamuseka kuti amagwira ntchito ngati nkhono. Mumtima anavomereza kuti mwana ameneyu ntchito yake amaidziwa, ndiponso ali ndi mtima.

Atamangirira kabokosi kochokera m'kompyuta yakeyo, mlamuyo anabwezeretsa diski, nakopera kanemayo pawiri asanalole aliyense kukhudza kanthu.

Mkwatibwi anafika atavala zakuda, nakhala pa mpando. Pa sikirini bambo ake anavula jekete, naizunguza m'mwamba, n'kuvina mpaka nyimbo inatha. Mkwatibwiyo ankaseka misozi ikutsika.

"Mungandibwezerenso?" anapempha motsitsa mawu.

Bambo a mapasa anayang'ana mlamu wawo, amene anali ataima pakhomo, sikuludiraiva ili m'manja.

"Bwezani, alamu," anatero mlamuyo. "Asiyeni avine. Lero sizimanso."