Masheya a Malemu

Mwamuna wa mayi wina wosoka zovala, amene onse ankangomutcha Telala, anagwira ntchito ku fakitale ya mabotolo mpaka mapapo atamukana, ndipo zaka zonsezo sanaiyamikepo fakitaleyo ngakhale kamodzi. Akaweruka, thukuta lili kamukamu chifukwa cha moto wa ng'anjo, ankavula majombo pakhomo n'kuyamba nyimbo yake: mabwana ndi ogona, makina ndi a m'nthawi ya agogo, kampani imeneyi sidzapita patali. Koma m'mawa woyamba kufika pageti anali yemweyo. Chaka chilichonse kampani inkapatsa antchito masheya pang'ono m'malo mwa bonasi. Anzake ankagulitsa tsiku lomwelo n'kukamwera, iye ayi. Atamwalira, zovala zinagawidwa, njinga inapita ndi achibale, nyumba inali ya lendi. Chimene chinatsalira mkazi wake ndi masheyawo, ndipo analumbira mumtima kuti zivute zitani sadzawagulitsa.

Malemu anali ndi mng'ono wake amene aliyense ankamutcha Pulofesa, chifukwa panalibe nkhani imene sankaidziwa, kuyambira matenda a nkhuku mpaka ndale za maiko akutali. Tsiku lina Pulofesa anafika m'kashopu ka Telala, nakankha zidutswa za nsalu zimene zinali pampando, n'kukhala foni ili m'manja.

"Alamu, masheya aja angogona ngati mphaka. Bwanji azikulipirani lendi?"

"Sindigulitsa, aPulofesa. Ndinanena kale."

"Ndani wanena zogulitsa? Kuli chinthu amati opushoni. Inu mumangolonjeza munthu kuti mtengo wa sheya ukafika apa," anakweza dzanja mpaka pashelefu ya ulusi, "mwezi usanathe, mudzamugulitsa pamtengo umenewo. Iye akupatsani kangachepe lero lomwe chifukwa cha lonjezolo. Ukapanda kufika, lonjezo lafa, kangachepe ndi kanu, masheya ndi anu."

"Nanga ukafika?"

"Kodi achimwene ankati chiyani za fakitale ija?"

Telala anaseka, koyamba chichitikireni maliro. "Ankati sidzapita patali."

"Basi. Alipo ankaidziwa kuposa iwowo?"

Panalibe. Munthu amene wakhala pang'anjo moyo wake wonse sanganame za ng'anjoyo, anatero Telala mumtima. Mawa lake anavala diresi yabwino n'kupita ku ofesi yogulitsa masheya, kachipinda kapamwamba pa sitolo ya mankhwala, kokhala ndi mipando yapulasitiki ndi fani yolira ngati ikudwala chifuwa. Kalaliki wake anali mtsikana waulemu wa magalasi. Anamufotokozera zonse bwinobwino, kenako anafunsa: "Mayi, ngati mtengo utadutsa, mungapirire kuwataya masheyawa?"

"Sudutsa, mwanawe. Ndinauzidwa ndi malemu amuna anga, mwini wake ng'anjo."

Ndipo sunadutsedi. Mwezi unatha, lonjezo linafa, kangachepe kanatsala. Mwezi winanso chimodzimodzi. Telala anaikitsa mota pamakina ake osokera, analipira lendi ya shopu asanamukumbutse, anagula ayironi yatsopano. Koma chimene chinkamukoma kwenikweni sichinali ayironi. Uthenga ukalowa pafoni kumapeto kwa mwezi, ankamva ngati malemu abwera ndi malipiro, ndipo ankayankhula yekha uku akudula nsalu: "Mwagwiratu ntchito mwezi uno, abambo."

Posakhalitsa anazindikira yekha, popanda Pulofesa, kuti ukalonjeza pamtengo wapafupi ndi wa lero, kangachepe kamanenepa. Anayamba kutsitsa mtengo wa lonjezolo. Kalaliki ankakweza nsidze, iye n'kungoti, "Lembani, mwanawe." Sikuti linali dyera ayi. Kunali kukhulupirira mwamuna wake, ndipo mkazi wamasiye ukamuuza kuti malemu ankalakwitsa, wayamba naye nkhondo.

Nkhani inamupeza Lachitatu masana, mapini ali pakamwa, akupinda siketi ya kasitomala. Wailesi inalengeza kuti fakitale ya mabotolo yapambana ntchito yaikulu yopangira makampani a mankhwala a m'maiko angapo, chifukwa galasi lake lapezeka lolimba kuposa la ena onse. Telala analavula mapini m'dzanja. "Mwamva? Ng'anjo ya amuna anga imeneyo!" anauza kasitomala, mtima utadzaza ndi chimwemwe. Chimwemwecho chinakhala kanthawi kochepa chabe. Atakumbukira lonjezo la mwezi umenewo, anakhala pansi.

Lonjezolo linali kutha Lachisanu. Lachisanulo anafika ku ofesi masana, napeza kompyuta ya kalaliki ili biriwiri ndi manambala okwera. Mtengo unali utadumpha kale pamene iye analonjeza, ndipo unkapitabe.

"Njira zilipo zitatu, mayi," anatero kalaliki motsitsa mawu. "Mukhoza kuligulanso lonjezo lanu, koma panopa lakwera zedi. Mukhoza kulikankhira mwezi wamawa, koma mulipirabe, ndipo mtengo ukapitirira kukwera mudzalira kawiri. Kapena mungolisiya. Msika ukatseka madzulo ano, masheya apita kwa amene munamulonjeza, inu mulandira mtengo munagwirizana uja."

"Kuligulanso ndi zingati?"

Kalaliki anamutembenuzira kompyuta. Telala anayang'ana, nawerengera zimene anali nazo padziko: makina osokera awiri, ayironi, nsalu za pashelefu. Atagulitsa zonsezo zikanakwana ndendende. Wogula analipo, telala mnzake wa kutsidya kwa msewu amene ankawasirira makinawo kalekale. Kunali kungoimba foni.

Anatuluka pakhonde n'kuimbira mwana wake wamkazi, namwino, amene anayankha ali mkati mwa ntchito.

"Amayi, mukagulitsa makina mudzadya chiyani? Mapepala?"

"Ndi thukuta la abambo akotu limeneli."

"Ndikudziwa, amayi. Koma adadi akanamva kuti mwagulitsa makina chifukwa cha fakitale ija, akanakukalipirani mpaka aneba kutuluka. Chonde, musatero."

Telala anabwerera m'kachipinda n'kukhala pampando wapulasitiki, foni ili pamwendo. Nambala ya telala mnzake uja anaitsegula, n'kuitseka, n'kuitsegulanso. Anthu ena ankalowa akuseka, ogula masheya a mabotolo sabata yatha, akugwirana chanza. Fani inkalira. Kalaliki ankamuyang'ana mwakabisira, kenako n'kuyang'ana wotchi ya pakhoma. Pamene anati, "Msika watseka, mayi," Telala anangogwedeza mutu, nanyamula chikwama chake, n'kutsika masitepe atagwira khoma.

Lolemba Pulofesa analawirira kushopu manja ali kumutu. "Alamu, tikanangowasiya osawakhudza, bwenzi lero muli bwana! Ndalama yonse ija yapita kwa munthu wosamudziwa n'komwe. Ine ndiye sindinagone."

"Ndalama ndalandira, aPulofesa. Yambirinso kuposa imene ndinaigwirapo."

"Koma ikanachuluka!"

Telala anaimitsa makina. "Inu mukulira zina, ine ndikulira zina. Mwezi ndi mwezi ndakhala ndikubetcha kuti ntchito ya manja a achimwene anu ndi yachabechabe. Ndinkamva pakamwa pawo pokha, osaona kuti munthu amene wanyansidwa nayo ntchito sadzuka m'bandakucha kukaima pageti. Ndinagona nawo nyumba imodzi zaka zonsezi, koma sindinawamve."

Pulofesa anawerama. Anatola kansalu pansi n'kumakapinda.

Foni inalira. Anali kalaliki uja.

"Pepani mayi, pali kanthu kamodzi katsala. Akaunti ya masheyayi inatsegulidwa m'maina awiri, la bambo ndi lanu. Tinalisiya la bambo chifukwa masheya anachokera kuntchito kwawo. Poti tsopano mulibe kanthu, ndauzidwa kuti ndilichotse, itsale yanu yokha."

"Silingakhaleko ngakhale sabata ino?"

"Ndayesa kupempha, mayi. Akana."

Telala anatembenukira kukhoma kuti mlamu wake asaone nkhope. Panali patapita nthawi yaitali asanamve munthu akutchula dzina la mwamuna wake. Aliyense ankangoti malemu, ngakhale iye mwini.

"Musanachotse, tandiwerengereni."

Kalaliki analiwerenga mofulumira, monga amaitanira anthu pamzere.

"Ayi, mwanawe. Pang'onopang'ono. Lonse."

Mtsikanayo anabwereza, dzina loyamba, lapakati, ndi la makolo. Misozi inagwera pasiketi ya kasitomala imene inali pamakina, ndipo Telala sanaisunthe.

"Zikomo," anatero. "Chotsani."