Malo Amodzi, Anyamata Awiri a Osbert

Amene anayamba kundiuza mathero a nkhaniyi ndi Fitzroy Modeste, msodzi wolongolola wa kumpoto kwa Grenada. Chiyambi chake chokha sindinachite kumva. Ndinalipo ndekha m'bala ya Mayi Verlyn masana aja pamene Fitzroy yemweyo anamenyetsa domino patebulo mpaka matambula kudumpha.

"Kellon! Ndati Kellon Cadore!" anakuwa. "Wotsutsa atuluke panja tikakambirane ngati amuna."

"Khala pansi iwe, ungagwe," anatero Mayi Verlyn osatembenuka n'komwe. "Kamowa ka ramu kochepa komweko, phokoso ngati wagula bala yonse."

Angerezi anali m'njira. Masewero a kiriketi a masiku asanu, aja timati Tesiti, anali oti achitikira pachilumbapo, ndipo m'timu ya zilumba zonse munatsala malo amodzi a woponya mpira waliwiro. Atatu enawo panalibe wowatsutsa. Wachinayi ndiye anadanitsa anthu: Kellon, mwana wa m'mudzi momwemo, kapena Darnel Lezama wa ku Trinidad.

Ine nthawi imeneyo ndinali wophika pa chombo chonyamula nthochi ndi zilazi. Injini inali itafa, tikudikira chitsulo chochokera kutali, choncho ntchito yanga inali kukhala pakona n'kumatchera khutu. Munthu wosakhazikika ngati ine chuma chake ndi nkhani za eni.

"Tiyeni tiganize ndi mutu," anatero a Telesford, mphunzitsi wopuma ntchito, akukonza mandala awo. "Tesiti si mpikisano wa m'mawa umodzi. Kellon akaponya pang'ono wayamba kale wefuwefu, ndipo phazi lake limalumpha mzere woponyera. Lezama mpira amauika pamene wafuna, tsiku lonse, ndiponso umakhota."

"Umakhota!" Fitzroy anaseka monyoza. "Mngerezi angaope mpira wokhota? Kwawo ndiye chakudya chawo chimenecho. Mngerezi amaopa mpira wodutsa pamphuno, woti akapita kukagona aziumvabe kulira m'khutu. Aphunzitsi, inu chibadwire munaponyapo chiyani kupatula choko?"

"Choko chomwecho chinkakupeza pachipumi uli kumbuyo kwa kalasi."

Anthu anafa nacho chiseko. Wina anati akuluakulu osankha timu sadziwa n'komwe kuti zilumba zing'onozing'ono zili ndi anthu, amangoziona pawindo la ndege. Wina anati atenge onse awiri, achotse mmodzi wa atatu aja amene mawondo anatha. Anamukuwiza mpaka anapempha madzi. Kenako Fitzroy anatembenukira kukhomo, kumene nkhalamba ina inakhala chete, chipewa chili pabondo.

"Madala Osbert, lankhulani ndinu. Magazi kapena thukuta?"

Phokoso linazima. Aliyense m'balamo ankadziwa chimene funsolo linanyamula. Osbert Belfon ndiye anapanga Kellon. Anamupeza ali kamnyamata akugenda mango, namuthamangitsa pamchenga zaka ndi zaka atamumangirira tayala m'chiuno. Koma Darnel anali mdzukulu wake weniweni, mwana wa Yolande, mwana wake mmodzi yekhayo. Yolande anapita ku Trinidad ndi mwamuna amene bambo ake sanamufune, Osbert namuuza kuti asadzapondenso pakhomo, ndipo mwanayo anamvera. Mdzukuluyo anali asanamugwirepo chanza. Ankangomuona pa kanema wa Mayi Verlyn.

Nkhalambayo inazunguza tambula yake pang'onopang'ono.

"Wa ku Trinidad uja amathamanga phewa lili pendeke," inatero, "ngati malemu mkazi wanga akamathamangira basi."

Ena anayamba kuseka, koma analekeza panjira.

"Ndi woponya wabwino. Koma bwalo lathu ndi louma, mpira sukhota pamenepaja. Pakufunika moto. Kellon."

Bala inagwedezeka. Fitzroy anamupsompsona padazi, a Telesford anakweza manja kugonja. Ine ndinaona chinthu chimodzi chimene enawo sanasamale: Osbert anatuluka ramu wake asanamalize, chinthu chimene Mayi Verlyn anati sichinachitikepo.

Patapita masiku ochepa wailesi inatchula timu, dzuwa lili paliwombo. Dzina lomaliza linali Lezama.

Amuna anatukwana, wina anaponya nsapato pa wailesiyo. Koma amene anapereka chigamulo ndi Mayi Ermine, mayi ake a Kellon, ogulitsa nsomba pamsika. Analowa m'balamo mamba ali m'manja, osakweza mawu.

"Mwana wanga amukana pakhomo pake penipeni. Chabwino. Akasewere pamaso pa mipando. Munthu wa mudzi uno asakaponde pageti pa bwalo paja."

Mawuwo anayenda ngati moto wa m'tchire. Pofika Lamlungu madalaivala a mabasi anali atawalemba pamagalasi, midzi ina nayo inalowerera, ndipo Kellon mwini wake anathawira kumapiri, kumunda wa koko wa amalume ake. Mayi Ermine anakumana ndi Osbert pagombe, ine ndili pomwepo.

"Bambo Osbert, mawu munanena aja tinawamva tonse. Musadzatichititse manyazi."

"Ndinanena, mayi," anayankha. "Sindinaledzere."

Kutatsala pang'ono kuti masewero ayambe, ndinkathandiza nkhalambayo kupala utoto wakale pa bwato lake. Tinamva mapazi pamchenga. Anali mayi wovala zakutauni, nsapato atazinyamula m'manja. Sindinafunse kuti ndi ndani. Chibwano chinali cha Osbert.

"Ababa."

Chitsulo chopalira chinaima, kenako chinapitiriza.

"Wanenepa," anatero Osbert, maso ali pabwato.

"Inu mwakalamba."

Ndinafuna kuchokapo, koma mayiyo anandiletsa ndi dzanja. "Khalani, achimwene. Pakhale mboni, chifukwa bambo angawa amaiwala zimene anena." Anakhala pamphepete pa bwato lina. "Sindinabwere kudzapepesa, ndipo sindikufuna kuti inu mupepese. Zimenezo zinapita. Ndabwerera Darnel. Akasewera Tesiti yake yoyamba, chilumba chonse chitamufulatira, iye osalakwa kanthu. Anadzisankha yekha kodi?"

"Sanadzisankhe."

"Amadziwa kuti ali ndi agogo kuno. Kuyambira ali mwana ndinkamuuza kuti mkono umenewo anatengera inu. Dzulo anandifunsa kuti kodi agogo amakonda kukhala mbali iti ya bwalo. Ndimuuze chiyani?"

Osbert anapukuta thukuta ndi mkono. "Yolande, ine ndikadzafa, adzanyamule bokosi langa ndi anthu a mudzi uno. Amayi ako atadwala, ankawasambitsa ndi Ermine. Kellon ndinamulera ndi manja awa. Ndikalowa pageti paja, ndamulavulira kumaso."

"Kellon munamulera ndi manja. Nanga ine munandilera ndi chiyani?"

Nkhalambayo inayambiranso kupala.

"Ndamva zimene munanena kubala," anapitiriza Yolande, mawu atatsika. "Sindinamuuze. Ine ndikakhala mbali ya kumtsinje. Mpando wa pambali panga sindikhazikapo munthu. Mukapanda kubwera, basi, ndidziwa kuti munasankha kawiri."

Anaimirira, nasansa mchenga pa diresi, napita osacheuka. Osbert anapitiriza kupala. Ndinachita kumugwira dzanja, chifukwa ankapala malo amodzimodzi, utoto utatha kale, chitsulo chikudya thabwa.

"Madala, mubowola bwato."

"Ukanakhala iwe ukanatani?" anandifunsa.

Ndinamuuza zoona, kuti ine ndilibe mudzi, ndilibe mwana, choncho funso limenelo silinandipezepo. Anandiyang'ana ngati akundisirira, kenako ngati akundimvera chisoni.

Chitsulo cha injini chinafika, ndipo tinanyamuka masewero asanayambe. Tsiku loyamba ndinamvera pa wailesi tili pakati pa nyanja, ndikusenda anyezi. Owulutsa mawu ankadandaula kuti sanaonepo bwalo lachete chonchi. Munthu umatha kumva mpira ukugwera m'manja mwa wowakha, ngakhale kutsokomola kwa woweruza.

Ndinabwerera m'mudzi muja mvula itatha. M'bala ya Mayi Verlyn mikangano inali ikupitirira, tsopano ya timu yopita ku India, koma pampando wa kukhomo paja panali kireti ya mabotolo. Nditafunsa za Osbert, madomino analira kwambiri, anthu osandiyankha. Mayi Verlyn ndiwo anandinong'oneza kuti nkhalambayo palibe amailankhula. Bwato imakankha yokha, imakoka yokha. Yolande naye anabwerera ku Trinidad osatsanzika, akuti bambo ake sanabwere.

"Ndiye mudzi ukumudera chiyani ngati sanapite?" ndinafunsa.

"Kafunse a pakamwa aja," anatero, akuloza kugombe ndi milomo.

Fitzroy ndinamupeza yekha akutumbula nsomba. Anayang'ana uku ndi uku asanayambe.

"Aise, m'mawa wa tsiku lija Mayi Ermine ndi azimayi anzawo anakhala pa siteji ya basi, kuona wokwera. Ngakhale wopita kuchipatala ankamufunsa pamene pakupweteka. Madala aja anakankha bwato ngati akupita kokawedza, n'kutsetsereka ndi gombe mpaka kutauni. Madzulo anabwera ukonde uli gwa, wouma, nsapato zakutchalitchi zili pansi pa mpando. Azimayi anaziona. Nkhani inathera pomwepo."

"Ndiye kuti analowa?"

"Sanalowe! Pageti sanapondepo, ndikulumbira pa manda a mayi anga. Anafika, anaima kutsidya kwa msewu nthawi yaitali, kenako anazungulira n'kukwera phiri lija lili kuseri kwa bwalo, kumanda kuja. Anakhala pa chiliza cha munthu wosamudziwa. Lezama uja anapatsidwa mpira dzuwa lisanakwere kwenikweni. Anathamanga phewa lili pendeke, ndendende mmene ananenera madala. Mpira unagwa, unakhota pa bwalo louma lomwelo, kamtengo kapakati kumbuyo kwa Mngerezi n'kuzuka, kumagubuduka ngati kaledzera."

Fitzroy anaika mpeni pansi.

"Ukudziwa mmene bwalo lija limaphulikira zikatero. Tsiku limenelo zii. Anzake okha ndiwo anamuthamangira. Iye anawapatuka, n'kutembenukira mbali ya kumtsinje. Kunali mayi ake okhaokha, ataimirira, pambali pawo mpando wopanda munthu. Anayang'ana, anayang'ananso, kenako anaweramitsa mutu. Nditati ndione kuchiliza kuja, madala ali chilili pamwamba pa manda, manja onse m'mwamba. Pakamwa panayasama kuti akuwe. Ndiye anavula chipewa, anachipinda, n'kuchilowetsa m'kamwa. Anachiluma, aise. Misozi ikutsikira pachipewapo, mawu osatuluka ngakhale amodzi."

Ntchentche zinatera pa nsomba, iye osaziingitsa.

"Nanga bwanji osawauza anthu kuti sanalowe?" ndinafunsa. "Kapena kumuuza Yolande kuti bambo ake anabwera? Mbali imodzi ikanamukhululukira."

Anatola mpeni uja, nayamba kutumbula mwachangu.

"Ndiwauze kuti ndinaona ndili pati? Ine tsiku limenelo ndinali kunyumba, ndikusoka ukonde. Funsa aliyense."

Osbert ndinamuona kamodzi ndisanachoke, akukoka bwato lake yekha. Ndinamuthandiza. Anandifunsa za mphepo ya kum'mwera ndi mtengo wa zilazi, za kiriketi osatchula, ndipo ine ndinalibe mtima womufunsa.

Ndayenda zilumba zambiri ndipo ndamva nkhani za anthu ambiri, zina zoona, zina zophikidwa ndi ramu. Iyi sindidziwa poiika. Ulendo wina ndinakwera kumanda kuja ndekha. Bwalo limaoneka ndithu, koma mbali ya kumtsinje denga limatchinga, ndipo sindinapeze malo amene munthu angaone mpando wopanda munthu ndi misozi ya nkhalamba nthawi imodzi. Mwina sindinafufuze bwino. Mwina Fitzroy ananamiza mudzi wake, mwina ananamiza ine pofuna kuti mnzake akhale ndi mathero abwinoko. Ndanena mmene anandiuzira, koma kunena zoona, ndimakayika.