Injini ya Malemu a Lackson

"Kokani bwino tchenicho, achimwene! Mukandiphwanya zala ndizikadyera mapazi?" adakalipa Zakeyu makaniko, ali chagada kunsi kwa galimoto.

Benard adakoka. Nthambi ya bulugamu idalira, ndipo injini yakale idatuluka pang'onopang'ono, yakuda bii, ikudontha oyilo pabwalo la galaja ku Luchenza. Benard adayang'ana kumbali. Idamukumbutsa tsiku lomwe adawatulutsa bambo ake m'galimoto yomweyo.

Inali galimoto ija yakalekale ya m'matope, yamakona ngati bokosi. Malemu a Lackson adaiyendetsa zaka makumi atatu pa esiteti ya tiyi, ndipo popuma ntchito mabwana adangowasiyira. Ana adaitcha Nachifuwa, chifukwa ikafika pamlatho wa kumunsi kwa mudzi inkatsokomola katatu posintha giya.

Chaka chapitacho, m'mawa wa chiperoni, a Lackson adagwa ali kumunda. Benard adawanyamula kuthamangira nawo kuchipatala ku Makwasa, mayi ake, a Sellah, atawagoneka mutu pamiyendo. Atawoloka mlatho, pakati pa chitunda chachikulu cha kutsidya, Nachifuwa idatsokomola nkuzima. Azimayi othyola tiyi adataya madengu kudzakankha, koma matope adakana. Padatha ola lathunthu. A Lackson adatsirizikira pomwepo. Kuyambira tsiku limenelo, injiniyo ikatsokomola, Benard ankamva kupuma komaliza kwa bambo ake. Ndiye tsopano mkazi wake Triza adali woyembekezera, mwezi wachisanu ndi chitatu, mvula nayo ili pakhomo.

"Amayi mwawauza?" adafunsa Zakeyu akupukuta girizi m'manja.

"Ndiwauza ikatha."

"Eetu! Mbewa ya manyazi idafera kudzenje. Mukuchotsa mtima wa galimoto ya amuna awo ngati mukuba nkhuku?"

"Gwirani ntchito, madala. Lachisanu dzuwa lisanalowe ndikhale ndili pakhomo."

"Inu a Sabata mudzatipha ndi dzuwa lanulo."

Koma ntchito yake sinali yamasewera ayi. Injini yatsopano ndi giyabokosi yake zidachokera m'pikiapu ya masiku ano, ndipo zidakana kukhala m'malo mwa zinzake. Mabawuti sadakumane ndi mabowo. Zakeyu adadula zitsulo, kuwotcherera, kuyeza, kutukwana, kudulanso. Ndodo ya magiya idatulukira pena, mpaka adaboola pansi. Lachisanu masana adapotoza kiyi, injini nkungoti ng'rrr, mosalala ngati mphaka wokhuta.

"Nkhalamba taiika mtima wa mnyamata," adaseka Zakeyu. "Muisamale, ingakafunsire mbeta."

Benard sadaseke. Mtima wake udali kale kwa mayi ake.

A Sellah adachita khungu zaka zisanu zapitazo, koma makutu, ha, ankamva ndi nyerere yomwe. Lachisanu lililonse madzulo, nthawi yomwe a Lackson adazolowera kubwerera kumudzi, mayiwo ankakhala pakhonde kudikira chifuwa chija pamlatho. Akachimva ankadzuka nkunena kuti, "Abwera, tenthetsani madzi." Ngakhale maliro atapita, sadasiye. Ankamwetulira kaye, kenaka nkukumbuka.

Tsiku limenelo galimoto idawoloka mlatho, idakwera, idaima pabwalo. A Sellah adangokhalabe duu, khutu atalozetsa kumtsinje. Benard adawagwira paphewa, iwo nkudzidzimuka.

"Ndani?"

"Ndine Benard, amayi."

"Wabwera wapansi?"

"Ndabwera ndi galimoto."

"Usandinamize. Ndamva ya eni ake ikudutsa, koma bambo ako sindinawamve."

Apo Benard adaulula zonse. A Sellah adadzuka, adapapasa njira mpaka pagalimoto, adasisita chitsulo chofundacho.

"Iyatse."

Adaiyatsa. Adamvetsera nthawi yaitali.

"Uyu ndi mlendo," adatero. "Nkhope yawo sindingaione ngakhale pachithunzi. Jekete munagawana. Chinanditsalira ndi chifuwa chokhacho, kamodzi pamlungu. Ndiye wakachitaya kudzala osandifunsa? Mako ndi mako, angachepe mwendo, mwana iwe!"

"Sindinachitaye, chili kwa Zakeyu."

"Kachibweze."

Benard adagwada pafumbi. Mawu amene adawasunga chaka chathunthu adatuluka okha.

"Amayi, inu ikatsokomola mumamva bambo akubwera. Ine ndimamva akufa. Ulendo uliwonse, pachitunda paja, manja anga amachita thukuta. Triza watsala masabata. Chakudza sichiimba ng'oma. Mukufuna ndidzaimenso pomwe paja, iye ali kumbuyo?"

Triza adaima pakhomo atagwira m'chiuno. Dzuwa lidalowa kuseri kwa minda ya tiyi. Sabata imeneyo adailandira popanda nyimbo, chinthu chomwe sichidachitikepo pakhomopo.

M'mawa kudacha ndi nkhungu, kamvula kakuwaza ngati tsiku lija. Benard ndi Triza atakonzeka za kutchalitchi ku Makwasa, adapeza a Sellah ataima kale pagalimoto, atavala duku loyera. Chimwalirireni amuna awo adali asanakwerepo Nachifuwa, ankapemphera pakhomo.

"Nditsegulire kumbuyo," adatero. "Ndikhala pamene ndinakhala."

Adatsetsereka mwakachetechete. Matabwa a mlatho adalira kunsi kwa matayala, koma chifuwa sichidamveke. A Sellah adafumbata chitenje pamiyendo pawo, pamene padagona mutu uja. Galimoto idayamba kukwera. Matope adali omwewo, ofiira, oterera. Benard adakanikiza chiwongolero mpaka zala kuwawa. Pakati pa chitunda, pa shedi yoyezera tiyi, khutu lake lidadikira kutsokomola. Injini idangokoka, osadandaula nkomwe.

Patapita kanthawi a Sellah adayankhula chapansipansi.

"Benard, tikafika pamalo paja undiuze. Ndikufuna ndiwapatse moni."

Benard adayang'ana Triza, Triza adayang'ana pansi.

"Tadutsa kale, amayi."

"Kale?"

"Tili pamwamba. Msewu waukulu ndi uwu."

"Ayi, iwe. Tangowoloka kumene mlatho."

"Inde, amayi."

Kenaka misozi idayamba kutsika m'maso aja osaona, osaipukuta.

"Mayo ine," adatero. "Kani panali pafupi chonchi?"

Benard adaimika galimoto pambali pa msewu, adagwetsa mutu pachiwongolero, nalira koyamba chiikireni maliro. Dzanja la mayi ake lidapapasa kuchokera kumbuyo, lidapeza khosi lake, lidakhala pomwepo. Lina lidafufuza mpaka kugwira mkono wa mpongozi wawo.

"Triza," adatero, "chikwama chako cha kuchipatala uzichisiya m'galimoto muno. Tiye, Benard, tichedwa."